Mlandu wa Nkhoko za M'ketulo

Nyumba yatsopano ija inali ndi zonse zimene bambo a mapasa ankalota: matailosi mpaka kuchimbudzi, giza ya madzi otentha, shawa yonyezimira, ndi mipope yosauma, chifukwa mwini malo anakumba chitsime chakuya n'kuika thanki pansanja. Tsiku losamuka bamboyo anatsegula mpope wa kukhitchini, n'kuima manja ali m'chiuno ngati madziwo awabereka okha.

"Waona, make mapasa? Zotunga madzi zatha. Ukatopa m'nyumba muno ndiye kuti wangofuna."

Make mapasa anali telala. Makina ake osokera anawaika m'kachipinda ka kumapeto, pafupi ndi zenera, ndipo naye anakondwa ndi nyumbayo. Anakondwa mpaka tsiku limene anasuzumira m'ketulo.

Pansi pake panali patamera nkhoko zoyera, zolimba ngati simenti. Anapala ndi supuni, anakwecha ndi sitiliwulu, koma posakhalitsa zinabwerera, zitatenganso abale awo. Matambula akauma ankatuluka mawanga ngati nkhanga. Mataulo anauma gwa, oti ukawatsamiritsa pakhoma ankaima okha. Mapasa, atsikana awiri a kusukulu ya mkaka, akasamba ankangodzikanda, khungu lili mbuu. Ndiye panali malaya oyera a bambo. Bamboyo ankagwira ntchito ku inshuwalansi, kumene munthu amamukhulupirira poona kolala, ndipo makolala awo tsopano anali otuwa ngati phulusa.

"Sindikunena kuti wasintha," anatero m'mawa wina, atakweza malaya pazenera ngati dokotala woona chithunzi cha mapapo. "Ndikungofunsa. Kunyumba yakale ija malaya awa ankathobwa anthu m'maso. Kapena matailosiwa akukuletsa kuwerama?"

"Ndikuchapa monga ndinkachapira. Sopo yemweyo, manja omwewa."

"Ndiye kuti malayawo akudzidetsa okha. Zimachitika."

Madzulo ake anaimbira foni mayi awo. Sanadandaule ayi, mwamuna wamkulu sadandaula kwa mayi ake. Anangotchula.

Mayi awowo anthu onse ankawatchula kuti Ametironi, chifukwa anakalambira pa ntchito yoyang'anira atsikana kusukulu yogonera konko. Ntchito anapuma, koma chala chawo chamkombaphala sichinapume. Anafika Loweruka ndi chikwama chachikulu, ndipo m'menemo munatuluka epuloni, magolovesi ndi maburashi a misinkhu yosiyanasiyana.

"Ndangobwera kudzaona adzukulu," anatero, akuyendetsa chala pa mpope wa m'sinki. Anachiyang'ana chalacho nthawi yaitali, kenako anayang'ana mpongozi wawo. "Usade nkhawa, mwana wanga. Si onse amene anakulira m'nyumba za matailosi. Tiphunzitsana."

Mlendo ndi mame, anadzitonthoza make mapasa poyala bedi la alendo. Sanadziwe kuti kuli mame ena amene dzuwa limawaopa.

Maphunziro anayamba m'mawa mwake. Ametironi anamanga epuloni, anadzaza beseni, n'kuuza make mapasa kuti aime pambali ndipo asagwire kanthu.

"Kuchapa si kunyowetsa nsalu. Yang'anitsitsa. Choyamba ndi thovu."

Anatikita sopo. Thovu silinabwere. Anatikitanso mpaka mitsempha ya pamkono inatuluka, koma pamwamba pa madzi panangoyandama tizinthu totuwa, tonga mkaka wosasa, n'kumamatira m'mbali mwa beseni.

"Sopo ameneyu wagula kuti?"

"Ndi amene mwabwera naye inu, amayi."

"Ndiye ndi beseni. Beseni ili lili ndi mafuta."

Anasintha beseni. Anasinthanso sopo. Pomaliza anapeza chimene chinkalakwika: make mapasa ankaima pafupi kwambiri, ndipo munthu sangachape bwino wina akumuwerengera mpweya. Malaya aja atauma anali otuwa kuposa kale, koma Ametironi anafotokoza kuti litsiro la miyezi yambiri silichoka ndi dzuwa limodzi, ndipo bambo a mapasa anavomereza kuti akuona kale kusintha, makamaka cha m'mabatanimu.

Kuyambira pamenepo moyo wa make mapasa unali wa burashi. Ankakwecha matailosi a kubafa Ametironi ataima kumbuyo. Ankapukuta matambula imodziimodzi n'kuwaonetsa padzuwa kuti apatsidwe chigamulo. Ketulo ankaipala m'mawa uliwonse, ndipo phokoso lake ndilo linali belu lodzutsa nyumba yonse. Manja anang'aluka, moti nsalu zoterera zinkamukola m'zala akamasoka. Mawu oyankha anali nawo, ambiri ndithu, koma ankawameza, ndipo ankamukhala pachifuwa ngati mwala. Chimene chinkamupweteka kwambiri si mawu a Ametironi. Chinali chakuti iye mwini anayamba kukayika. Mwina ulesi umalowa munthu mwakachetechete ngati matenda a shuga, mwini wake osadziwa.

Tsiku lina ankasita diresi lakuda la kasitomala, mtsikana amene ankapita kukalandira digiri yake. Anathira madzi m'simbi ya nthunzi monga mwa nthawi zonse. Simbi inatsokomola kamodzi, n'kulavula zoyera pachifuwa penipeni pa diresi. Make mapasa anakhala pansi, simbi ili m'manja, ndipo misozi inangotuluka yokha.

Ametironi anasuzumira pakhomo. "Simbinso imafuna kutsuka, mwana wanga. Koma tifikako, tisadumphe makalasi."

Amene anagonja poyamba si make mapasa ayi, linali tsitsi la Ametironi. Tsitsi lija ankalinyadira moyo wawo wonse, koma chibwerereni linauma ngati tsache la panja, n'kumatsalira m'chipeso. Anati ndi chifukwa cha maganizo, popeza kuwongola nyumba ya munthu wina kumadya thupi. Analamula kuti awaperekeze kusaluni.

Mwini saluni anali mayi wonenepa, wa pakamwa posatseka, amene anthu a mumsewu wonsewo ankamutchula kuti Achipeso. Anangogwira mutu wa Ametironi kamodzi n'kufuula ngati wapsa.

"Mayo! Inu mukukhala kunyumba zatsopano zija, za thanki pansanja?"

"Mwadziwa bwanji?" anafunsa make mapasa.

"Mitu ya kumeneko ndimaizindikira ili kutali. Ketulo yanu ili ndi nkhoko zoyera? Mataulo ngati makatoni? Ana akudzikanda?"

Make mapasa anangogwedeza mutu.

"Madzi a kumeneko ndi olimba, asisi."

Ametironi anaseka, mutu uli m'sinki. "Madzi olimba! Ndakalamba koma izi sindinazimve. Mumachita kuwatafuna?"

"Sekani, amayi, koma tsitsi lanuli silikuseka. Madzi amenewo amachokera pansi kwambiri, amadutsa m'miyala ya laimu, ndiye laimuyo amasungunukiramo. Ndi maso simungamuone. Mukawawiritsa amatsalira m'ketulo. Akakumana ndi sopo amamupha, thovu osabwera, zotsalazo n'kumamatira pansalu ndi pakhungu. Ngakhale mutachapa mpaka manja kutuluka magazi, palibe chimene mungachite. Bwerani muone."

Anakokera make mapasa kuseri kwa saluni. Pakona panali thanki yaitali ngati ya gasi, pambali pake chidebe cha chivindikiro, mapaipi akulowa ndi kutuluka.

"Awa ndi makina ofewetsa madzi. M'thankimu muli timikanda ting'onoting'ono. Madzi akamadutsa, timikandato timagwira laimu, madzi n'kupitirira ali bwinobwino. Tikakhuta, makinawa amatitsuka okha ndi madzi a mchere ochokera m'chidebemu, zoipazo n'kupita kungalande. Inu ntchito yanu n'kungothira mchere ukachepa. Amaika ndi alamu anga, osati ndikutsatsa malonda ayi, koma nambala yawo ndi iyi."

Pobwerera, make mapasa ankayenda ngati munthu amene khoti lamupeza wosalakwa. Ametironi ankayenda kutsogolo, tsitsi lili lofewa ngati la khanda.

"Mtsikana uja ali ndi dzanja labwino," anatero. "Koma bodza. Madzi ndi madzi. Aulesi masiku ano afika popezera mpope mlandu."

Bambo a mapasa atamva nkhaniyo patebulo, anaika foloko pansi.

"Ndiye ine ndikagule makina chifukwa wa saluni wanena? Mawa wometa akadzati mpweya wa m'nyumba muno ndi wokhota, tidzagulanso chowongolera?"

Ametironi anaseka mpaka kutsamwa. Make mapasa anatola mbale n'kupita nazo kusinki, ndipo anazitsuka mwaphokoso kuposa mmene mbale zimafunira.

Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa wina wozizira, tsiku limene bamboyo ankakumana ndi mabwana akuluakulu, kubafa kunamveka mfuu. Giza inali itasiya kutenthetsa. Shawa nayo, imene mabowo ake anali atatsekeka pang'onopang'ono, inangotulutsa kamzere kamodzi ka madzi ozizira, kolunjika m'khutu. Bamboyo anatuluka sopo ali kumsana, atadzikulunga thaulo limene linkakana kupindika. Pulambala atabwera masana anasolola chitsulo chotenthetsera madzi m'giza muja. Chinali chitavala zoyera chonse, chonenepa ngati chinangwa.

Madzulo a tsikulo bambo a mapasa anakhala pasofa ndi foni, nkhope ili yaukatswiri. Kenako anaitana banja lonse.

"Ndafufuza," anatero. "Vuto la m'nyumba muno ndalipeza. Amati madzi olimba."

"Zoona?" anatero make mapasa. "Mumachita kuwatafuna?"

"Usamaseke zinthu za sayansi. M'madzimu muli laimu. Pamafunika makina ena ake, ali ndi timikanda. Ndikufotokozera bwino ukakhala ndi nthawi, n'zovutirapo."

"Mwana uyu," anatero Ametironi, akumuyang'ana mwachikondi, "mutu unali choncho kuyambira ali wamng'ono."

Make mapasa anapereka nambala ya alamu a Achipeso. Bamboyo anailandira osafunsa kuti yachokera kuti. Anthu ofufuza safunsa zinthu zing'onozing'ono.

Makina anaikidwa panja, pamene paipi imalowera m'nyumba. Woika makinayo anasiya mpope wa kudimba osaulumikiza, kuti maluwa asamamwe madzi odutsa m'makina. Anauza make mapasa kuti ketulo aiviike mu viniga kamodzi kuti nkhoko zakale zichoke, ndiponso kuti sopo achepetse kwambiri. Mawu omalizawa Ametironi sanawamve, chifukwa anali m'chipinda posonyeza kuti alibe nazo ntchito.

M'mawa mwake anatuluka ndi epuloni monga mwa masiku onse. Anadzaza beseni m'bafa, n'kukhuthuliramo sopo waufa mulingo umene anazolowera, wa manja awiri odzaza ndi kachiwonjezero. Anavundula kamodzi. Thovu linadzuka. Linadzaza beseni, linasefukira pamatailosi, linakwera m'miyendo yawo, linatuluka pakhomo n'kuyamba ulendo wa m'khonde. Mapasa anathamangira momwemo akukuwa ndi chisangalalo, n'kumadziika ndevu zoyera. Ametironi anaima pakati pa mtambowo, kukuoneka mutu ndi mapewa okha.

"Choyamba ndi thovu, amayi," anatero make mapasa ali pakhomo, mwaulemu wonse.

Posamba zinavutanso. Ametironi anakhala m'bafa mpaka anthu anayamba kugogoda. Ankati sopo sakuchoka m'thupi, khungu likuterera. Anali atazolowera kuti munthu woyera ndi amene khungu lake likulira ukalikhudza.

Pang'onopang'ono nyumba inasintha. Ketulo inakhala chete. Matambula ankauma okha osasiya banga. Mataulo anayamba kupindika ngati mataulo a anthu. Mapasa anasiya kudzikanda, ming'alu ya m'manja mwa mayi awo inapola, ndipo simbi yatsopano sinalavulirenso kasitomala aliyense. Make mapasa anayembekezera chinthu chimodzi chokha. Sankafuna kuti munthu agwade. Ankangofuna mawu ochepa, ngakhale onenera kumbali, akuti sunali iwe.

Mawuwo anabwera Lamlungu, pa chakudya cha masana. Ametironi anakweza tambula padzuwa, anaitembenuza uku ndi uku, n'kuiika pansi mokhutira.

"Ndinanena ine kuti tiphunzitsana. Zatenga nthawi, koma waphunzira."

"Ndi makina aja, amayi."

"Makina amathandiza amene waphunzira kale."

Make mapasa anatembenukira kwa mwamuna wake. "Nanga inu simunenapo kanthu? Za matailosi ondiletsa kuwerama zija?"

Bamboyo anadabwa zenizeni. "Ndani ananena zimenezo? Ine ndinkangofunsa. Ndiponso ukanandiuza msanga kuti madzi akuvuta, bwenzi nditakonza kalekale. Vuto lako umasunga zinthu mumtima."

Choipa china chinali chakuti madzi ofewa anawayanja Ametironi. Tsitsi linabwerera, khungu linasalala, ndipo nkhani yobwerera kwawo, imene inkamveka apo ndi apo m'masiku a tsache aja, inazimiririka. Makina anachotsa laimu yense m'nyumba, koma china chilichonse cholimba anachisiya momwemo.

Chipulumutso chinachokera kwa mng'ono wa bambo a mapasa. Iye anali atangokwatira kumene, ndipo atamva mkulu wake akutama mipope yosauma, anapeza nyumba mumzere womwewo. Mkazi wake anali mtsikana wofatsa, namwino wa kuchipatala cha ana, woseka ndi aliyense. Ametironi anapita kukamwako tiyi, ndipo anabwerako chala chili m'mwamba ngati mbendera.

"Uko ndiye kulibe munthu. Ketulo! Matambula! Mwana wanga watha ndi kuonda." Anayamba kulongedza maburashi. "Ndikakhala kumeneko mpaka zinthu zilongosoke."

Make mapasa anawathandiza kulongedza, ndipo anachita changu chimene chikanamuchititsa manyazi akanakhala ndi nthawi yochita manyazi. Chikwama anasenza yekha mpaka pakhomo la alamu ake. Pobwerera anayimba nyimbo msewu wonse. Anagona bwino, anadzuka mochedwa, anamwa tiyi miyendo ili pampando.

Chimwemwecho chinatha atakumana ndi namwino uja kugolosale. Mtsikanayo anali atanyamula sitiliwulu wambiri ndi sopo wa mitundumitundu. Maso anali ofiira, zala zili zong'aluka.

"Akulu," anatero motsitsa mawu, "kodi inu munachita bwanji? Ndikukwecha ndisanapite kuntchito, ndikukwecha pobwera. Mwina kwathu sanandiphunzitse bwino."

Make mapasa anamva ngati wina wamutsina pamtima. Mawu amenewo ankawadziwa, anagonapo nawo. Anamukokera kuseri kwa mashelefu n'kumufotokozera zonse: laimu, sopo, timikanda, mchere.

"Si iwe, m'bale wanga. Wamva? Si iwe. Ndi madzi."

Namwino analira pomwepo, pakati pa mafuta ophikira ndi machesi. Koma makina sakanabwera msanga. Mwamuna wake akanangonena kuti ayamba wafufuza, ndipo kufufuza kwa amuna a banja limenelo kunkadikira giza.

"Ndiye tichite chonchi," anatero make mapasa. "Amayi akamagona masana, uzibwera ndi zigubu kuseri kwathu. Wochapira, wotsukira matambula, wa m'ketulo, uzitunga pampope wathu wa kukhitchini. Ketuloyo uiviike mu viniga lero lomwe. Sopo uchepetse."

Anachitadi zimenezo. Zigubu zinkadutsa kuseri kwa mipanda ngati katundu wakuba, ndipo make mapasa ankamva kukoma mumtima, kukoma kwa munthu amene wachitira mnzake chabwino popanda womuona.

Sabata isanathe n'komwe, akusoka kolala ya yunifolomu, anamva kugogoda. Atatsegula anapeza Ametironi ali chilili, chikwama chili pambali, mlamu wake akuwatsitsira maburashi.

"Amayi! Mwaiwala china chake?"

"Ndamaliza," anatero Ametironi akulowa. "Mwana uja ndi wa mutu. Ndangomuonetsa kamodzi, mawa lake matambula ngati galasi, mataulo ngati thonje. Ndipo alibe ngakhale makina! Ameneyo safunika womuyang'anira." Anakhala pasofa, anavula nsapato, n'kuyang'anayang'ana m'chipindamo. "Ine nkhawa yanga ili kuno. Wophunzira mochedwa sachedwa kuiwala. Kaike madzi pamoto, mwana wanga, ndipo ubwere ndi ketuloyo ndiione."